Lipoti la ntchito: mota ya chigayo yomwe inkathyola kiyi ya pa shafti magetsi akabwera

Lipotili likufotokoza ntchito yomwe ndinagwira pa kampani ina yaing'ono yogaya ufa wa m'mapaketi ndi chakudya cha nkhuku, pa tauni ina ya m'mbali mwa msewu wa M1 m'chigawo chapakati. Mwini kampaniyo anandiitana ndi pempho limodzi, lakuti mota ya chigayo chake isamaime pamene magetsi akusamuka kuchoka pa gridi, yomwe ndi magetsi a m'mawaya a dziko lonse, kupita pa jenereta, kapenanso pobwerera. Pempho limeneli ndalimvapo kwa eni zigayo, eni mapampu othiririra ndi eni mafiriji akuluakulu, ndipo ndaganiza zolemba nkhaniyi mwatsatanetsatane chifukwa njira yomwe amisiri ambiri timathamangira poyankha pempholi ndi imene inatsala pang'ono kupha mota imeneyi.

Jenereta inagulidwa mu 2022, chaka chomwe namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire m'mwezi wa Januwale n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 pa magetsi a dziko lino, moti kuthima kwa maola ambiri patsiku kunakhala chinthu chozolowereka kufikira malowo atabwerera pa ntchito mu 2023. Jeneretayo ndi ya dizilo, ya 150 kVA, kutanthauza kuti pa 400 V imatha kupereka pafupifupi 216 A. Pakati pa iyo ndi gridi pali ATS, chipangizo chosamutsa magetsi chokha pakati pa mbali ziwirizi, ya ma contactor awiri otsekerezana (ma switchi oyendetsedwa ndi koyilo ya maginito, omwe akatseka amalumikiza magetsi, akamasuka amawadula), kuti wina akatseka mnzake asathe kutseka. Mota yaikulu ndi ya 45 kW, ya three phase (yodyetsedwa ndi mawaya atatu amoyo otchedwa ma phase), imakoka pafupifupi 81 A ikadzaza, imazungulira ka 1,470 pa mphindi, ndipo amailiza ndi sitata ya star-delta, yomwe imayambitsa mota pa kalumikizidwe ka star kokoka karenti yochepa, kenako n'kuisamutsira pa delta kopereka mphamvu yonse. Imakoka chigayo cha mahamala kudzera pa malamba, ndipo fani yoponya ufa ili pa shafti imodzimodzi ndi mahamalawo, monga zimakhalira pa zigayo zambiri kuno kwathu. Pambali pake pali chokonolera cha mota ya 22 kW ndi tizipangizo tina ting'onoting'ono.

Chomwe chinkawawa mwini wake

Poyamba makinawa ankachita monga momwe anawapangira. Magetsi akathima, contactor ya mota inkamasuka nthawi yomweyo, ndipo jenereta ikadzuka mota sinkalira yokha kufikira munthu atadina batani. Zimenezi si vuto ayi, koma ndi mmene sitata ya mabatani awiri imagwirira ntchito: koyilo ya contactor imadzigwira yokha kudzera pa kakontakiti kake kothandizira, ndipo volteji ikagwa koyiloyo imasiya, kakontakitiko n'kutseguka, njira yonse n'kuduka. Muyezo wa IEC 60947-4-1 umati contactor ya koyilo ya AC imasuke volteji ikatsika kufika pakati pa 75 ndi 20 peresenti ya mlingo wake, ndipo zimenezi zimachitika m'kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso.

Koma chimanga sichidziwa kuti magetsi athima. Chinkapitirizabe kutsika kuchokera m'fanulo kulowa m'chigayo chomwe chikuzilala, mpaka mahamala atamira m'mphale. Jenereta ikadzuka, wogayitsa sankatha kuliza chigayo chotsamwa chotero, choncho ankatsegula chitseko, kuchotsa sefa, kuwola zonse ndi manja, n'kubwezera, ntchito ya mphindi 30 kapena 40 pamene dizilo akupsa pachabe ndipo anthu olongedza mapaketi atangopinda manja. Tsiku la kuthima kawiri kapena katatu, theka la ntchito linkapita pamenepo.

Mmisiri amene anabwera ine ndisanaitanidwe anaganiza kuti popeza chomwe chikumasuka ndi contactor, mankhwala ake ndi kuiletsa kumasuka. Anagula UPS yaing'ono ya kompyuta, kabokosi ka batire kopitiriza kupereka magetsi akathima, n'kuilumikiza ku mawaya a makoyilo a sitata, kuti magetsi akathima ma contactor azikhalabe otseka pa delta. Sindikumunyoza, pakuti maganizo amenewa amabwera msanga kwa aliyense, ndipo pa timamota ting'onoting'ono nthawi zina zimadutsa popanda woona. Pa mota ya 45 kW zinabala mavuto atsopano. M'miyezi yochepa kiyi yogwira pule pa shafti ya mota inathyoka katatu, malamba anasomphoka kangapo, breaker yaikulu, switchi yodula magetsi yokha karenti ikachuluka, inkagwa popanda chifukwa chooneka, ndipo contactor imodzi ya delta inapezeka makontakiti ake atawotchererana.

Kufufuza

Ndinayamba ndi zinthu zomwe zimakayikitsa aliyense. Ndinayeza katsatanidwe ka ma phase pa gridi ndi pa jenereta, poganiza kuti mwina jenereta ikufuna kuzungulitsa mota chobwerera, koma zonse zinali zogwirizana. Ndinayeza insulation ya mawaya a m'kati mwa mota, chokutira chomwe chimaletsa magetsi kuthawira kwina, ndipo inali bwino. Mapule anali pa mzere umodzi, malamba anali okungika moyenera, ndipo kiyi yomaliza kuthyoka inali ya chitsulo chabwino, yodukira mopingasa ngati yometedwa ndi chinthu champhamvu kamodzi, osati yoperepeseka pang'onopang'ono.

Amene ananditsegula maso ndi wogayitsa, bambo wachikulire yemwe wakhala pa zigayo zaka zambiri. Nditamufunsa nthawi yeniyeni yomwe kiyi imathyoka, anati: "Bwana, magetsi akamapita chimangobuula, jenereta n'kutulutsa utsi wakuda, mwina n'kuzima. Koma akamabwera ndiye pali nkhani. Tsiku lina simumva kanthu, tsiku lina mumamva ngati munthu wamenya shafti ndi hamala yaikulu." Kiyi zonse zitatu zinathyoka pobwerera ku gridi, osati popita ku jenereta. Mwini kampani ankaona ngati nthawi yoopsa ndi yothima magetsi, pamene nthawi yoopsa kwenikweni inali yomwe aliyense ankaomba m'manja kuti magetsi abwera.

Chifukwa chake n'chakuti mota yamtunduwu ikadulidwa ku magetsi ikuzungulira, simafa nthawi yomweyo. M'chitsulo chake chozungulira mumatsala mphamvu ya maginito yomwe imazilala pang'onopang'ono, ndipo pa nthawi imeneyo mota imasanduka jenereta, n'kumatulutsa volteji yakeyake pa mawaya ake. Volteji imeneyi poyamba imakhala pafupi ndi ya magetsi omwe mota yangochokako, ndipo mafunde ake amatsatira kayendedwe ka magetsi akalewo, kenako n'kumatsalira m'mbuyo pamene mota ikuchepa liwiro. Ndiye ngati mwailumikiza mwachangu ku magetsi ena omwe mafunde ake ali pena, volteji ziwirizi zimakumana. Zili ngati amayi awiri osinja mu mtondo umodzi: akamalandizana bwino ntchito imayenda, koma wina akalowetsa musi pa nthawi yolakwika misi imawombana. Mafunde akapezana mogwirizana, mota simva kanthu. Akapezana motsutsana kotheratu, mawaya a mota amalandira volteji yoyandikira kuwirikiza kawiri, karenti imaposa ngakhale ya poliza mota kuchokera chiimire, ndipo shafti imalandira chikoka chadzidzidzi choposa mlingo wake kangapo. Mota ya 81 A yomwe poilizira mwachindunji ingakoke 500 A kapena kuposerapo, pa kugundana koteroko ikhoza kudutsa 1,000 A kwa kamphindi.

Pobwerera ku gridi, magetsi onse awiri amakhala amoyo, ndipo palibe chowagwirizanitsa. Nditayeza, jenereta inkayenda pa 50.5 Hz, kapena kuti mafunde 50.5 pa sekondi, itanyamula katundu, pamene gridi inali pafupi ndi 50 Hz, kutanthauza kuti mafunde awo ankagwirizana n'kusemphana n'kugwirizananso pa masekondi awiri aliwonse. ATS inkasamutsa pa nthawi iliyonse yomwe timer yake yakwana, ndipo kusamutsako kunkatenga nthawi yosakwana gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi, chifukwa nthawi yodikira pakati inasiyidwa pa 0. Apa ndi pamene panachokera tsiku lina losamveka kanthu ndi tsiku lina la hamala lija: unali mwayi chabe wa pamene mafunde apezana. UPS isanaikidwe, kanthawi kochepa komweko kankakwana kuti contactor imasuke n'kuipulumutsa mota. UPS inachotsa chitetezo chomwe palibe ankadziwa kuti chilipo.

Kuti nditsimikize, ndinalumikiza chojambulira volteji pa mawaya a mota, chigayo chili chopanda chimanga, n'kudula magetsi. Ndinkayembekezera kuti volteji yotsalira igwa pasanathe sekondi imodzi, koma inakhala pamwamba kwa masekondi oposa 3. Nditalondola mawaya ndinapeza capacitor ya 20 kvar, kachipangizo kosunga magetsi kwa kanthawi koikidwa pofuna kuchepetsa karenti yokokedwa ku gridi (kukonza power factor), yolumikizidwa mwachindunji ku mbali ya mota m'kabokosi kena kuseri kwa panelo. Capacitor yoteroyo imadyetsa mota karenti yosungira maginito ake ngakhale magetsi atadulidwa, ndipo n'chifukwa chake pali lamulo lozolowereka lakuti capacitor yokhala pa mawaya a mota isapitirire 90 peresenti ya karenti yomwe mota imakoka ilibe katundu. Nditaichotsa n'kuyezanso, volteji inagwa kufika pa 100 V, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, patangodutsa pang'ono theka la sekondi. Muyezo wa ku America wa ANSI C50.41 umati polumikizanso mota, volteji yophatikizana ya mbali ziwirizi poyerekeza ndi frequency (kuchuluka kwa mafunde pa sekondi) isapitirire 1.33 ya mlingo wa mota, ndipo ndi pamenepa pamachokera chizolowezi chodikira kuti yotsalirayo itsike pansi pa gawo limodzi mwa magawo atatu tisanalumikize popanda kuyang'ana mafunde.

Za utsi wakuda popita ku jenereta sizinafune kufufuza kwambiri. Kuchokera pothima magetsi kufikira jenereta itadzuka n'kukhazikika pankapita masekondi pafupifupi 12, ndipo pofika nthawi imeneyo maginito otsalira anali atatheratu, choncho kugundana kwa mafunde kunalibe. Koma ma contactor anali atatsekabe pa delta, moti jenereta ya 216 A inkapatsidwa mota yotsala pang'ono kuima, yotsamwa ndi mphale, yofuna 500 A nthawi imodzi pamodzi ndi chokonolera. Volteji inkagwa, injini inkabanika, ndipo nthawi zina chitetezo chake chinkaizimitsa.

Chomwe chinandidetsa nkhawa kuposa kiyi ndi malamba n'china. Ndi UPS ija, chigayo chinali ndi mphamvu yodzilizira chokha nthawi iliyonse magetsi akabwera, malinga ngati munthu sanadine batani loimitsa. Wogayitsa anandiuza kuti tsiku lina dizilo atatha anatsegula chitseko n'kuyamba kuwola mphale ndi manja monga mwa chizolowezi chake chakale, ndipo anakumbukira za batanilo ali kale pakati pa ntchitoyo. Tsiku lomwe ndinamva zimenezi UPS ndinaichotsa pa makoyilo ndisanachoke pamalopo, ndipo mwini kampani ndinamuuza kuti pa mfundo imeneyi sitikambirana.

Zomwe tinakonza

Nditakhala pansi ndi mwini wake ndinamufotokozera kuti chomwe iye akufuna si chakuti mota isadulidwe ku magetsi, koma chakuti chigayo chisamatsamwe ndipo ntchito izipitirira msanga. Zimenezi n'zosiyana, ndipo chachiwiricho n'chotheka popanda ndalama zambiri.

Tinayambira pa fanulo, osati pa panelo. Pakhosi pomwe chimanga chimatsikira tinaikapo kachitseko ka sipuling'i komwe kamagwiridwa kotsegula ndi maginito a magetsi. Magetsi akangothima maginitowo amasiya, sipuling'i n'kutseka njira ya chimanga, ndipo chigayo, popeza mahamala ake ndi olemera ndipo fani ili pa shafti yomweyo, chimamaliza kugaya ndi kuponya zomwe zinali m'kati ndi liwiro lake lotsala. Kachitsekoka sikatseguka kokha. Wogayitsa ndiye amakabwezera ndi dzanja akamva kuti mota yalowa pa delta. Kachipangizo kameneka, komwe tinakapanga ndi wowotcherera wa pa tauni pomwepo, ndi komwe kanathetsa vuto lomwe linayambitsa nkhani yonseyi.

Pa panelo, makoyilo tinawabwezera ku magetsi enieni ndipo tinawonjezera relay yoyang'anira ma phase, kuti volteji ikagwa kapena phase imodzi ikasowa ma contactor azimasuka mosazengereza. UPS sitinaitaye ayi. Tinaipatsa ntchito yaing'ono yodyetsa timer imodzi yokha yomwe imakumbukira kuti chigayo chinali kulira pamene magetsi amathima. Magetsi akabwera pasanathe masekondi 20, belu limalira masekondi 3, kenako sitata imayambira pa star monga mwa nthawi zonse. Akachedwa kuposa pamenepo timer imaiwala, ndipo chigayo sichingalire popanda munthu kudina batani. Pa chitseko cha chigayo tinaikapo switchi yomwe imadula njira yonse ya makoyilo chitseko chikangotseguka, ndipo pafupi pake tinaikapo isolator, switchi yodulira magetsi onse a makinawa, yokhomeka ndi loko, kiyi wa lokoyo azisunga wogayitsa m'thumba pamene manja ake ali m'kati. Ndikudziwa kuti amisiri ena sangavomereze kudzilizira kokha kwa mtundu uliwonse pa chigayo cha mahamala, ndipo maganizo awowo ndimawalemekeza; ine ndinavomera chifukwa m'masekondi 20 shafti imakhala ikuzungulirabe mwamphamvu ndipo palibe amene amakhala atatsegula chitseko.

Pa ATS tinangosintha manambala omwe analipo kale m'makina ake owongolera. Nthawi yodikira pakati, pomwe ma contactor onse awiri ali otsegula, tinaiika pa masekondi 3, yomwe ndi yotalika kuposa yomwe kuyeza kunasonyeza kuti ikufunika, koma ndinafuna malo okwanira poganiziranso mota ya chokonolera. Tinaikanso kuti gridi ikabwera ATS idikire mphindi 5 isanasamutse, chifukwa magetsi ongobwera kumene kawirikawiri amaphethiranso, ndipo kuti patatsala masekondi 20 kusamutsa itumize chizindikiro chotseka kachitseko ka chimanga, chigayo chifike pa kusamukako chili chopanda kanthu. Capacitor tinaisamutsira ku mbali ya magetsi olowa, pa contactor yakeyake yomwe imatseka mota ikakhala kale pa delta ndipo imamasuka limodzi nayo. Pa jenereta simalowa n'komwe, popeza capacitor pa jenereta yomwe yanyamula katundu wochepa imasokoneza AVR, chipangizo chowongolera volteji ya jenereta, n'kukweza volteji. Chokonolera tinachichedwetsa kuti chizilira patapita masekondi 15 chigayo chitakhazikika.

Zotsatira za kuyesa

Tinayesa kusamutsa kasanu mbali iliyonse chigayo chikugaya chimanga chenicheni. Popita ku jenereta, pamene sitata inkalowa pa star mota inali ikuzungulirabe pafupifupi ka 700 pa mphindi, karenti sinapitirire 180 A, yomwe ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a karenti ya polizira pa delta, ndipo injini inangosintha kaliridwe pang'ono popanda utsi wakuda. Kuchokera pothima magetsi kufikira chimanga chitayambanso kutsika pankapita nthawi yosakwana theka la mphindi. Pobwerera ku gridi mota inkangotsika pang'ono liwiro isanagwidwenso, ndipo kasanu konse panalibe kugunda kulikonse pa shafti. Sefa sitinaichotse ngakhale kamodzi.

Mwini kampani anafunsabe ngati pali njira yoti mota isadulidwe n'komwe, ndipo ndinamuyankha mosabisa. Pobwerera ku gridi njira zilipo. Pali ATS yokhala ndi chipangizo chodikira kuti mafunde a jenereta ndi a gridi ayandikane isanasamutse mwachangu, ndipo palinso ya mtundu wina yomwe imalumikiza magetsi onse awiri pamodzi kwa kanthawi kochepa, koma imeneyi imafuna zida zogwirizanitsa jenereta ndi gridi komanso chilolezo cha ogawa magetsi, pakuti pa kanthawi kameneko jenereta yanu ili pa mawaya awo. VFD, chipangizo chowongolera liwiro la mota, nayonso ingathandize, chifukwa yambiri imatha kupeza liwiro la mota yomwe ikuzungulira kale n'kuigwira pomwepo popanda karenti yaikulu, ngakhale kuti pa jenereta imafuna reactor (koyilo yosalaza karenti) ndipo capacitor siingakhalenso pakati pa iyo ndi mota. Koma palibe chimodzi mwa zimenezi chomwe chingafupikitse masekondi 12 omwe injini ya dizilo imafuna kuti idzuke. Kudzaza mpata umenewo kumafuna mabatire ndi inverter yotha kunyamula 45 kW yonse, ndipo ndalama zoterozo n'zomveka pa makina omwe kuima kwake kwa sekondi imodzi kumawononga katundu, osati pa chigayo chomwe tsopano chikutaya theka la mphindi. Ndinamulangiza kuti ndalamazo asunge, ndipo anamvera.

Nditabwereranso patapita miyezi itatu, kiyi ya pule inali yomweyo, malamba anali omwewo, ndipo m'kabuku komwe ndinapempha wogayitsa kuti azilembamo kusamuka kulikonse munalibe kutsamwa ngakhale kumodzi, kupatula tsiku limodzi lomwe sipuling'i ya kachitseko inagwidwa ndi gaga ndipo sinatseke mokwanira. Taonjezera kupukuta sipuling'iyo pa ntchito za m'mawa uliwonse. Chomwe chatsala ndi mpata wa kiyi pa shafti ya mota, womwe unakula pang'ono ndi kugunda kwa miyezi ija, moti pule imagwedera mukaikankha ndi dzanja mota ili chiimire. Tagwirizana kuti shaftiyo ipite kwa wa lathe kukasemedwa mpata watsopano ndi kusintha ma bearing onse awiri mvula ikayamba, pamene chimanga chogaya chimakhala chachepa ndipo chigayo chingaime masiku atatu popanda kukhumudwitsa makasitomala.